Phazi Limene Silinkamva Kutentha

Lachiwiri, 12 Malichi

Andigoneka lero masana, wodi ya abambo, bedi lachisanu kuchokera pakhomo. Kope ili ndi la kuntchito, lija ndimalembamo za minda ya mpunga ya alimi anga ku Lifuwu. Ndangolitembenuza n'kuyambira kumbuyo. Ndakhala mlangizi wa zaulimi zaka 27, ndipo tsiku likatha osalemba kanthu m'manja mumandiyabwa.

Zimene apeza: shuga 436, thupi 38.4, bala pansi pa phazi lamanja pafupi ndi chala chachikulu. Phazi latupa mpaka pa kakolo. Andiika diripi, jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo, ndi mankhwala a mumtsempha kanayi pa tsiku.

Dokotala anafunsa kuti balalo linayamba liti. Deliwe, mkazi wanga, anandiyankhira ngati mwa masiku onse. Pa 2 Malichi ndinayenda wopanda nsapato, ndinaponda chibenthu cha botolo, ndipo ndinakhala nacho m'phazi masiku atatu osadziwa. Iye ndiye anaona magazi pa zofunda. Tinachichotsa, tinatsuka ndi madzi amchere, m'mawa mwake ndinavala majombo n'kulowa m'minda ya madzi.

Ndauza dokotala kuti pofika pa 29 ndikhale nditatuluka, chifukwa ndili ndi ntchito tsiku limenelo.

Lachitatu, 13 Malichi

Ntchito yake ndi iyi. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera, ku tchalitchi chathu cha Katolika timachita Njira ya Mtanda ngati sewero, kuyambira pa bwalo la sukulu mpaka pa tchalitchi, makilomita awiri. Pamakhala Pilato, asilikali a zipewa za makatoni ndi amayi olira. Yesu ndine, Gracian, zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Timanyamuka 12 koloko, dzuwa la kuno kunyanja lili pamutu, ena onse atavala masilipasi, ine mapazi ali pansi. Anthu amachokera kutali ngati ku Khombedza kudzaona munthu woyenda pamchenga wotentha osatsimphina. Sindibisa, ndimanyadira. Botolo lija ndinaliponda tikuyeserera sewerolo.

Kumanja kwanga kwagona Che Idi, msodzi wa ku Senga, munthu wamkulu kundiposa. Bwato linawagwera pa ntchafu akulikokera kumtunda, fupa linathyoka, ndipo mwendo wawo aumangirira chitsulo cholendewera kumapazi kwa bedi. Akhala chagada milungu itatu. Chimene chikuwawawa kwambiri si fupalo koma kuti Ramadhani yayamba iwo sakusala chifukwa cha mankhwala. Atamva za ntchito yanga anaseka mpaka chitsulo chija chinagwedezeka. Akuti sanagonepo pafupi ndi mneneri.

Shuga 398.

Lachinayi, 14 Malichi

Namwino wathu wa masana ndi a Lusubilo, mayi wa ku Karonga, wosachedwa kupsa mtima koma wa manja ofewa. Anandiuza kuti nditsinzine, ndinene ndikamva kanthu. Ndinatsinzina n'kumadikira. Patapita nthawi ndinafunsa ngati ayamba. Deliwe anati andibaya kale ndi singano malo asanu ndi atatu, mapazi onse awiri. Ndinayamba kuimva singanoyo itafika pakati pa kakolo ndi bondo.

Dokotala anafunsa ngati ndinauzidwapo za shuga. Zoona zake n'zakuti anandiuza mu 2014. Ndinamwa mapiritsi miyezi iwiri, ndinaona kuti ndili bwinobwino, ndinasiya. Iye akuti shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, moti munthu atha kuponda khala la moto osamva.

Zaka zoyamba za sewero ndinkamva kutentha n'kumangolimba mtima. Kenako ndinasiya kumva, ndipo ndinaganiza kuti Mulungu wandipatsa mphatso. Amayi a mphakati wathu ankati ndi chisomo. Lero ndadziwa kuti chisomocho chinali shuga. Deliwe anaseka, kenako anatuluka panja, pobwera maso ali ofiira. Ine ndachita manyazi kwambiri, ndipo nkhani iyi isatuluke m'kope muno.

Lachisanu, 15 Malichi

Atsuka bala. Dokotala anadula mnofu wakufa ndi kampeni pabedi pomwepa, osabaya jakisoni wopha ululu, ine ndikucheza ndi Che Idi za mtengo wa usipa. Mafinya anatuluka okwana theka la kapu. Abambo a bedi loyang'anana nalo anatembenukira kukhoma, kenako anauza alendo awo kuti pali munthu wolimba mtima muno. Sindinawatsutse.

Dokotala akuti tione masiku atatu ngati mankhwala agwira. Ine mtima uli m'malo. Phazi ili lanyamula mtanda kakhumi ndi kamodzi, Mwini wake akulidziwa bwino.

Shuga 310. Thupi 38.1.

Loweruka, 16 Malichi

Abwera a mphakati, anthu asanu ndi anayi, pa minibasi imodzi. Abweretsa nthochi, mandasi, zakumwa zotsekemera ndi mpunga wothira shuga, zonse zimene dokotala waletsa. A Lusubilo anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kufunsa ngati abwera kudzaona wodwala kapena kudzamumaliza. Zonse zapita kwa Mayi Layla, akazi a Che Idi, amene akusala ndipo adzadya dzuwa likalowa. Ine ndadya masamba a nkhwani opanda mafuta ndikuyang'ana mandasi akudutsa.

Anapemphera bwino. Onse akuti sewero silingachitike popanda ine, ndipo ndagwirizana nawo.

Lolemba, 18 Malichi

Andijambula phazi. Matenda alowa m'fupa la chala chachikulu ndi chotsatira chake. Mawa adula zala ziwirizo. Ndasaina fomu osachedwa, chifukwa zala ziwiri si phazi. Ndinafunsa ngati bala la opaleshoniyo lingapole m'masiku khumi. Dokotala anavula magalasi n'kunena kuti ndiiwale za pa 29, nkhani imene ilipo tsopano ndi yopulumutsa mwendo. Ndalemba mawu ake monga anawanenera, koma madokotala amakonda kuopseza anthu kuti amwe mankhwala.

Lachiwiri, 19 Malichi

Adula. Sindinamve kanthu. Shuga 288.

Lachitatu, 20 Malichi

Kwabwera Fanuel. Ameneyu ndi kalipentala wa pa Lifuwu, ndiye anakhoma mtanda umene ndimanyamula, ndipo m'sewero ndi mkulu wa asilikali. Wandikwapula ndi makungwa a nthochi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndimamukayikira kuti zimamusangalatsa. Lero anabwera chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi. Komiti yamusankha kuti akhale Yesu chaka chino.

Zandiwawa kuposa opaleshoni ya dzulo. Komabe ndamuphunzitsa: kugwa ndi bondo lamanzere poyamba kuti mtanda usamuphwanye phewa, kusayang'ana anthu, kusalira, chifukwa olira ndi amayi. Anafunsa ngati angavale masilipasi, poti khungu lake ndi la munthu wa m'shedi. Ndinamuyankha kuti Yesu wa masilipasi sindinamuonepo. Ndinadziwa bwino chifukwa chimene ine ndinkayendera osamva kanthu, koma sindinamuuze.

Lachisanu, 22 Malichi

Dzulo sindinalembe, thupi linatentha mpaka 39.6 ndipo ndinkanjenjemera. Bala silikupola. M'mphepete mwake mwada, ndipo fungo layamba. A bedi la kumanzere apempha kuti awasunthire pafupi ndi zenera. Sindikuwaimba mlandu, inenso ndikadatha kudzisuntha ndikadatero. Che Idi okha sanadandaule. Akuti munthu amene wayanika nsomba zaka makumi anayi mphuno yake inapuma pa ntchito kalekale.

Dokotala wajambula mzere ndi cholembera pamwamba pa kakolo, pamene kufiira kwalekezera, n'kulembapo deti. Akuti kukadutsa mzerewo tikambirana zina. Asintha mankhwala a mumtsempha.

Loweruka, 23 Malichi

Kwadutsa mzere ndi zala ziwiri za m'manja. Wajambula wina.

Anatiitana ine ndi Deliwe kuseri kwa katani, ngati kuti kataniyo imatseka mawu. Akuti mwendo udulidwe pansi pa bondo. Tikachedwa adzadula pamwamba pa bondo, ndipo tikachedwanso matenda alowa m'magazi, sipadzakhalanso chodula. Fomu anaisiya pa kabati.

Ndakana. Mlangizi wa mwendo umodzi angalowe bwanji m'munda wa mpunga? Ndipo Mulungu amene ndamuyendera pamchenga wotentha zaka zonsezi sangandichite zimenezi m'sabata yake yomweyi. Ndauza dokotala kuti tidikire Pasaka ipite. Anati mwendo ndi wanga, koma matendawa sadziwa kalendala ya mpingo.

Lamulungu la Kanjedza, 24 Malichi

Thupi 39.2. Shuga 355, wakweranso ngakhale ndikudya ngati mbalame.

Ena mwa alendo a lero amva kale nkhani ya mwendo. Mayi wina wachikulire wa mphakati anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisalole, Yesu wathu sangadulidwe mwendo, ndingolimbikira kupemphera. Mawu ake anandikoma. Atapita, Deliwe anatenga nthambi ya kanjedza imene anabweretsa n'kuiika pa kabati pamwamba pa fomu ija.

Ndapemphera, koma kunena zoona sikunali kupemphera, kunali kukumbutsa Mulungu ntchito zanga. Ndamuwerengera zaka, makilomita, ngakhale phewa limene linasupuka mu 2018. Yankho palibe.

Lolemba, 25 Malichi

Mzere wachitatu. Ululu wayamba tsopano, osati m'phazi koma pamwamba pake, pamene mitsempha ikadali yamoyo. Ukukoka ngati dzino lobooka, koma dzino lalikulu ngati mwendo. Ndinabuula pamene a Lusubilo amamasula mabandeji, ndipo abambo aja ankanditama anatembenuka kudzandiona.

Deliwe walankhula lero. Takhala m'banja zaka makumi atatu ndipo sakweza mawu, ngakhale lero sanakweze. Anakhala m'mphepete mwa bedi akupinda thaulo.

"Abambo a Beauty, ine ndinakwatiwa ndi inu, sindinakwatiwe ndi mwendo. Mukufuna ndikauze mwana wanu kuti bambo ako anasankha kupita ndi miyendo yonse iwiri?"

Ndinamuuza kuti alibe chikhulupiriro. Anamaliza kupinda thaulo, n'kupita kukatunga madzi. Ndili ndi mantha, ndipo ndakwiyira Mulungu. Ndalemba zimenezi kuti ndione ngati dzanja lingakane kuzilemba, koma lalemba.

Lachiwiri, 26 Malichi

Ndilemba pang'onopang'ono, ndikupumira, chifukwa za lero sindikufuna kuziiwala.

Titatha kudya masana Che Idi anandiitana. Akhala akumva zonse, poti pakati pa mabedi athu m'pongokwana kabati.

"Alangizi, ife timakhulupirira kuti Mtumiki Isa, Yesu wanuyo, sanaphedwe, Allah anamukweza kwa Iye. Inu mumati anaphedwa. Tisakangane, tonse tili chigonere. Koma tandiuzani, m'chikhulupiriro chanucho, mwini wakeyo sanapemphe kuti zimupitirire?"

Ndinayankha mofulumira, monga munthu amene wafunsidwa za ntchito yake. Ndinati anapempha, katatu konse, m'munda wa Getsemani, atadzigwetsa pansi, thukuta lili chuchuchu, anzake atagona tulo.

"Ndiye anamuyankha bwanji?"

Che Idi anadikira pang'ono, kenako anati amangofunsa, n'kutseka maso. Sindikudziwa ngati anafunsa mwadala, ndipo sindiwafunsa.

Sewero lathu limayambira kwa Pilato. Pamene ine ndimatulukira, Yesu amakhala atavomera kale, nkhope ili phee. Za m'munda sitichita, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi sindinaimepo pamalo pamene Iye anachita mantha, n'kupempha Atate ake enieni kuti amuchotsere chikho cha masautso, koma osamuchotsera. Ndimaidziwa nkhaniyo chiyambire ubwana, koma ndinkaidutsa ngati munda wa mlimi wa dera lina.

Masiku onsewa ndakhala ndikuganiza kuti Mulungu ali ngati bwana wa ku likulu, amene amalandira malipoti a mavuto athu ali pa desiki, n'kusankha oti awathandize. Ndinkafuula kuti lipoti langa lifike pamwamba. Lero ndaona kuti analowa yekha m'matope. Akudziwa kuopa za mawa. Akudziwa kupempha osalandira. Sakundimvera chisoni ali patali, zinamuchitikira m'thupi.

Mwendo sunasinthe, mzere wachinayi ajambula masana. Koma mkwiyo uja wachoka, ndipo ndagona tulo masana kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachisanu.

Lachitatu, 27 Malichi

Ndapemphanso m'mawa uno, kamodzi komaliza, kuti ngati n'kotheka mwendo utsale. Sindinachite manyazi kupempha, poti Iyenso anapempha. Kenako ndinaitana Deliwe kuti andipatse fomu. Anachotsa kanjedza uja, wauma kale, n'kundigwirira kope ili pansi pa pepala kuti ndisainire pabwino. Ndinamupepesa chifukwa cha mawu a Lolemba. Anati tidzakambirana ndikachira, akufuna ndidzamve bwino.

Dokotala akuti tikadali ndi mwayi wodula pansi pa bondo, koma ndi mwayi wa tsiku limodzi. Opaleshoni mawa 8 koloko. Andiika magazi botolo limodzi, poti achepa. Kudya ndilekeza madzulo ano.

Dokotala anafunsanso ngati mwendowo tidzautenge kapena autenthe konkuno. Che Idi analowerera, akuti kwawo chiwalo cha munthu sichitayidwa ngati zinyalala, chimaikidwa m'manda. Deliwe anati tidzautenga.

Ndaimbira Fanuel kuti avale masilipasi Lachisanu, ndipo ndamuuza chifukwa chake, zonse, za shuga ndi singano. Anati anthu anazolowera, akavala adzamuseka. Ndamuchonderera, koma sindikudziwa ngati wamva.

Ndili ndi mantha, koma sindili ndekha m'menemo.

Lachinayi Loyera, 28 Malichi

Zatheka. Pansi pa bondo. Ndili moyo.

Lachisanu Loyera, 29 Malichi

Ululu wa lero sindinaudziwepo chibadwire. Jakisoni amagwira maola atatu, ola lachinayi ndimaluma pilo. Chodabwitsa n'chakuti zala zimene kulibe ndizo zikuwawa kwambiri.

Deliwe wapita ku Lifuwu ndi mwendo, pa galimoto ya parishi. Wandisiya m'manja mwa Mayi Layla. Ndinkasanza chilichonse, ndiye a Lusubilo analetsa kumwa ndi kapu. Cha m'ma 3 koloko pakamwa panauma gwa, lilime lili ngati chikopa. M'sewero, ndikakhala pamtanda, mawu a ludzu ndimawafuula kuti amveke mpaka kumsewu. Lero ndinayesa kupempha madzi, mawu anangotuluka ngati mpweya. Mayi Layla anaona milomo ikugwedezeka, anabwera ndi supuni, n'kumandidonthezera pang'onopang'ono. Iwo sanamwe kanthu chiyambire m'bandakucha.

Sindinathe kupemphera mawu ambiri. Ndinkangoti, Ambuye, ichi mukuchidziwa. Zinandikwanira.

Thupi 38.0, latsika.

Loweruka Loyera, 30 Malichi

Thupi 37.4. Shuga 190. Ndamwa phala. Dokotala akuti tikadachedwa masiku awiri bwenzi tikukamba zina.

Deliwe wabwera ndi Fanuel. Ndinamumva asanalowe, akuyenda ngati waponda minga, mapazi onse atakulungidwa nsanza m'masilipasi a mkazi wake. Sanandimvere. Anayenda wopanda nsapato.

Deliwe ndiye anafotokoza, Fanuel akungoyang'ana pansi. Akuti asanafike n'komwe pa mjigo anali atayamba kudumphadumpha, akufunafuna mthunzi ndi udzu wa m'mbali mwa msewu. Matuza anaphulika. Pa kugwa kwachiwiri analira misozi yeniyeni, mamina ali mbwee, ndipo pa kugwa kwachitatu anakanika kudzuka, moti Simoni wa ku Kirene ananyamuladi mtanda yekha mpaka pa tchalitchi. Anthu ena akudandaula kuti sewero laonongeka, a Gracian sankatero.

Fanuel anati wabwera kudzapepesa kuti wandichititsa manyazi. Ndinamuuza akhale pabedi, malo alipo ambiri tsopano. Ndinati wopepesa ndine, chifukwa ndinamutuma pamoto ndikudziwa kuti ine sindinkapsa. Ndinamuuzanso kuti pa zaka khumi ndi ziwiri, chaka chino ndi choyamba anthu a ku Lifuwu kuona zimene zinachitikadi. Ine ndinkawaonetsa Yesu wosamva ululu, ndipo Yesu wotero sakadandithandiza kanthu dzulo.

Anati chaka chamawa abwerera ku usilikali. Ndamuuza kuti tidzaona, komiti ndikhalamo ndine.

Za mwendo Deliwe anafotokoza mwachidule, poti panali anthu. Fanuel anakhoma kabokosi Lachinayi. Sewero litatha, a katekisiti anatsogolera ku manda a mpingo, ndipo asilikali a Pilato ndiwo anakumba dzenje, ena zipewa za makatoni zikadali kumutu. Che Idi anafunsa ngati anakumba lakuya bwino, ndipo atamva kuti linafika m'chiuno anakhutira.

Lamulungu la Pasaka, 31 Malichi

Shuga 156. Thupi 36.9.

A Lusubilo amasula mabandeji koyamba. Anandifunsa ngati ndikufuna kuyang'ana kumbali, ndinati ayi. Ndauona mwendo wotsalawo. Ndi waufupi kuposa mmene ndimaganizira, wotupa, ulusi wakuda uli ndandanda, koma ndi woyera ndipo fungo palibe. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndinakumbuka kuti Ambuye atauka sanabise mabala awo, anawaonetsa kwa anzawo, ndipo anawazindikira ndi mabala omwewo. Sindidzabisa wangawu m'thalauza lopinda ngati chinthu chakuba. Za ntchito ndaganiza kale: alimi azibwera ndi mbewu zawo kumtunda, pakamwa sanadule.

Masana wodi inali phee, ambiri ali ndi alendo panja. Ndinafunsa Deliwe chimene ndinalephera kufunsa dzulo, ngati anauona mwendo wodulidwawo asanatseke bokosi.

Anati anauona. Anapempha beseni ndi sopo kwa amayi a nyumba yoyandikana ndi manda, anauza amuna onse kuti atembenuke, n'kuusambitsa yekha. Akuti dothi la m'minda linali likadali m'zikhadabo za zala zitatu zotsalazo, analichotsa ndi kamtengo. Kenako anaukulunga m'chitenje chake chatsopano, chimene anagula kuti avale lero.

"Ndachapa masokosi a mwendo umenewu zaka makumi atatu. Sindikadalola kuti upite wakuda."

Iye anapitiriza kuti wauza a katekisiti asiye malo a anthu awiri pambali pake. Ife ndife a ku Bembeke, kuno tinabwera ndi ntchito, ndipo nthawi zonse tinkati ndikapuma tidzabwerera kwathu kumapiri, kumene kuli makolo athu. Ndinamukumbutsa zimenezo.

"Munthu saikidwa kuwiri, abambo a Beauty. Kumene kwagona mwendo wanu n'kumene tidzagone. Koma musathamangireko, ndikukufunani kuno."

Ndinalira mokweza, ndipo sindinabise nkhope. Iye anandisiya ndilire mpaka ndinamaliza, kenako anandipatsa mapiritsi a 2 koloko ndi madzi.